Ulemu wa Mkamwini Pamwamba pa Nyumba Yaitali

Panali mkamwini wina amene ulemu wake unkatchuka mudzi wonse. Akaona apongozi ake aakazi akubwera, ankapatuka n'kulowa m'thengo, ngakhale muli chitedze. Sanadyepo nawo mbale imodzi, ndipo dzanja lawo sankalidziwa n'komwe. Amayi a pamudzipo akamakalipira akamwini awo, ankaloza iyeyu.

Munthuyu anapeza ntchito mumzinda waukulu kunja kwa dziko, nasamukira kumeneko ndi mkazi wake. Patapita zaka anaitanitsa apongozi aja kuti akaone dokotala, poti mtima unkawavuta. Atapezako bwino, mwana wawo, mkazi wa mkamwiniyo, anati asabwerere kumudzi asanaone nyumba yaitali kuposa zonse mumzindamo, imene alendo amakwera kukaonera mzinda wonse.

Anakwera pa chikepe, kachipinda kothina kamene kamanyamula anthu kupita nawo m'mwamba. Mkamwini ulendo wonse anayang'ana kukhoma. Atatuluka, mayi aja anangoti kakasi. Mitambo inali pafupi, mbalame zikuuluka m'munsi mwawo, magalimoto akuyenda ngati nyerere. Anagwira pakamwa.

Mwana wawo anapita kukawagulira madzi. Mayi aja anasendera kuzenera, maso ali kutali, osadziwa kuti mbali imeneyo pansi pake anayalapo galasi lokhalokha. Atawerama anaona msewu pansi pa mapazi awo, kutali ngati pansi pa chitsime. Anakuwa. Chizungulire chinawagwira, ndipo anatambasula dzanja kwa munthu yekhayo amene ankamudziwa pamalopo.

"Bambo, ndigwireni! Ndikugwa!"

Mkamwini anali pafupi, woti akangotambasula mkono awafikira. Analiyang'ana dzanja lija. Kenako anaika manja kumbuyo, nabwerera m'mbuyo, nathamanga kukaitana mkazi wake. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Pobwera anapeza mayi aja ali thasa pagalasi, akupuma mobanika. Mtsikana wina wachilendo, wosadziwa ngakhale moni wa Chichewa, anali atagwada n'kuwakumbatira, akuwakokera pang'onopang'ono pomwe panali simenti. Anthu onse anali kumuyang'ana mkamwini uja, ndipo mkazi wake anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

Atatsika, mayi aja anakhala pabenchi mpaka mtima unakhazikika. Mkamwini ananjuta chapatali monga mwa masiku onse, maso pansi. Iwo anamuyankhula osakweza mawu.

"Ulemu wanu ndauona, bambo, ndi waukulu zedi. Koma ine lero ndimafuna dzanja."

Anabwerera kumudzi. Anthu akawafunsa za nyumba yaitali ija, ankafotokoza za mitambo, za mbalame ndi za mtsikana uja. Za ulemu wa mkamwini sanazitchulenso.

Inu amene mukundimvetsera, mwambo ndi wabwino, ndipo ine sindikuunyoza. Makolo anauika kuti uteteze munthu. Koma tsiku lina wina amene mumamulemekeza adzakutambasulirani dzanja ali pa mantha. Tsiku limenelo musadzaike manja kumbuyo. Mugwireni kaye, za manyazi mudzakambirana mukatsika.