Zenera Lofiira la Bilimankhwe

Gologolo ndi Bilimankhwe ankagwira limodzi ntchito yopanga mapulogalamu a kompyuta, koma sankamvana pa nkhani ya liwiro. Nyama za m'dambo la Kamtsitsi zinawapatsa udindo woyang'anira kompyuta yaikulu imene inkayendetsa pampu ndi kugawa madzi m'madimba. Chaka chimenecho dzuwa linaswa mtengo, ndipo mbewu iliyonse inkadalira pampu imeneyo.

Awiriwa sankalamula kompyuta podina zithunzi ayi. Ankalemba malamulo pa zenera lakuda limene odziwa ntchitoyi amalitcha shelo. Ukalemba mawu n'kudina batani, kompyuta imachita zomwezo pompopompo, osafunsa ngati waganiza bwino. Pa zenera lotere Gologolo ankatha kulamula laputopu yake, kapena kulowa m'kompyuta yaikulu ija ali khale pampando wake.

Bilimankhwe, amene anali wamkulu pa awiriwo, ankaopa mphamvu imeneyi. Anakonza kuti zenera lizifiira psuu wina akalowa m'kompyuta yaikulu, ndiponso kuti lamulo lofufuta liziyamba lafunsa kuti, "Ndifufutedi?" Anaikanso kapulogalamu kokopera zonse m'mawa uliwonse n'kuzisunga m'kompyuta yakale imene inali pansi pa tebulo. Kakayamba kukopera, makina onse ankayenda mokwawa.

Gologolo zonsezi zinkamuwawa. Zala zake zinkathamanga pa kiyibodi ngati mvula pa malata, ndipo kafunso kaja kankamudula liwiro.

"Achimwene, kodi kompyuta ndi apongozi anga kuti izindifunsa mafunso?" anatero tsiku lina. "Nanga kufiiraku? Kusintha mitundu ndi khalidwe lakwanu, musatipatsire tonse."

"Mphwanga, maso amawerenga zimene akuyembekezera kuona," anayankha Bilimankhwe. "Mtundu ndiwo umakudzutsa."

"Ine sindigona pa ntchito."

Madzulo ake Gologolo anachotsa kufiira kuja ndi kafunso komwe pa shelo yake. Atafuna kuzimitsanso kapulogalamu kokopera, Bilimankhwe anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi zala zake zonga mbano. "Zenera ndi lako, chita nalo zimene ukufuna," anatero. "Koma aka ndi ka dambo lonse. Kasiye." Gologolo anapukusa mchira, nakasiya monyinyirika.

Panapita masiku zinthu zikuyenda bwino, ndipo Gologolo ankayimba likhweru. Tsiku lina dzuwa litakwera, Bilimankhwe anapita kukaona mapaipi kumadimba. Gologolo anali atatsegula mazenera awiri, lina la laputopu yake, lina la kompyuta yaikulu, ndipo onse anali akuda bii ngati mapasa. Pofuna kusesa mafayilo oyeserera amene anadzaza laputopu yake, analemba lamulo lofufuta, naikapo kanyenyezi kamene kamatanthauza kuti zonse, nadina batani.

Palibe chimene chinamufunsa. Kunja pampu inatsokomola, kenako inangoti zii.

Gologolo anayang'anitsitsa zenera lija, ndipo mchira wake unagwa pansi ngati chingwe chonyowa. Anali atafufuta m'kompyuta yaikulu. Pulogalamu yonse yogawa madzi, imene awiriwo anaivutikira kuyambira nyengo yokolola, inali itapita. Anafunafuna ndi lamulo ili ndi lamulo ilo, koma chikwatu chosungira pulogalamuyo chinali mbee.

Posakhalitsa pakhomo panatulukira Mayi Nkhanga, amene anali atangowokera kumene mbande za tomato. "Ana inu, madzi aja ali kuti?" anafunsa ali wefuwefu. "Mbande zanga zayamba kuwerama. Dzuwa ili likafika pamutu ndiye kuti ndalimira pachabe!"

"Tikukonza, mayi," anatero Gologolo. Koma mumtima ankadziwa kuti kulembanso pulogalamu yotere kukanatenga nyengo yonse, madimba atauma kale.

Bilimankhwe analowa monga mwa masiku onse, mwendo kutsogolo, kuima pang'ono, mwendo wina kutsogolo. Diso limodzi analozetsa pa zenera, lina pa Gologolo.

"Walemba chiyani, mphwanga?"

"Lamulo lofufuta, achimwene. Ndi kanyenyezi. Ndimayesa ndili pa laputopu yanga."

Gologolo anayembekezera mawu olasa, ndipo akanawalandira. Koma Bilimankhwe anangowerama, napukuta fumbi pa kompyuta yakale ija. "Kanzathu kaja kanakopera m'mawa uno," anatero. "Zimene walemba kuyambira m'mawa zapita, koma zina zonse zilimo. Ine ndibwezeretsa. Iwe tenga kheni yothirira utsatire mayiwa, chifukwa mbande sizidikira kompyuta."

Tsiku limenelo liwiro la Gologolo linagwira ntchito yake yoyenera. Anathamanga pakati pa chitsime ndi dimba, kheni ikumumenya m'miyendo, mpaka ubweya wonse unanyowa ndi thukuta. Nthawi zina podutsa pakhomo ankamva Bilimankhwe akuwerenga lamulo mokweza asanadine batani, kenako n'kuliwerenganso. Kale zimenezi zinkamuseketsa. Tsiku limenelo zinamveka ngati nyimbo ya m'tchalitchi.

Dzuwa litapendeka, pampu inalira. Madzi anathamanga m'mapaipi, ndipo nyama zonse m'madimba zinakuwa ndi chimwemwe. Mzere umodzi wa mbande za Mayi Nkhanga unali utafa kale, koma mizere yotsalayo inadzuka. "Mzere uwu udzabwera kudzawokeranso wekha," anatero mayiwo, "ndipo udzawokere pang'onopang'ono." Gologolo anavomera ataweramitsa mutu.

Atabwerera, anagwada pafupi ndi mpando wa Bilimankhwe, nawomba m'manja. "Achimwene, zikomo. Mukanandilola kuzimitsa kapulogalamu kokopera tsiku lija, lero dambo lonse likanauma chifukwa cha chala changa. Ndinakunyozani, inu n'kundisungirabe ntchito yanga."

"Dzuka, ukudetsa mawondo," anatero Bilimankhwe, khungu lake likusintha pang'ono ndi manyazi. "Dimba lonse likanafa, osati mzere umodzi wokha, ukanakhala kuti umayenda ngati ine."

"Nanga kufiira kuja mumakuika bwanji?"

Bilimankhwe anamuonetsa, ndipo Gologolo analemba yekha, nabwezeranso ndi kafunso kaja. Liwiro sanalisiye, pakuti gologolo ndi gologolo basi. Koma mvula ili pafupi kugwa, tsiku lina analembanso lamulo lofufuta mothamanga, ndipo kompyuta inamufunsa kuti, "Ndifufutedi?" Atakweza maso, anaona zenera lili psuu. Analemba kuti ayi, kunja pampu ikulirabe.

"Zikomo," anatero chapansipansi.

"Ukuthokoza ndani?" anafunsa Bilimankhwe, diso limodzi litatembenukira kwa iye.

"Apongozi anga, achimwene."

Phunziro: Chida chimene chimamvera msanga chimamveranso msanga pamene walakwitsa. Usachotse zotchinjiriza zimene anzako anaika chifukwa choti zikukuchedwetsa, ndipo amene anaganizira kulakwa kwako usanalakwe, umuthokoze.