Bala la pa Lilime la Fakiri

Fakiri, msodzi wa ku Chia amene ankalimanso mpunga, adabwera kuchokera kumunda dzuwa lisanafike paliwombo, atatseka pakamwa ndi nsonga ya malaya. Mkazi wake Shamsa anali pabwalo akuyanika chinangwa cha kondowole. Ataona magazi pachifuwa cha malayawo, adasiya zonse.

"Bambo a Rahila, mwatani?"

"Ndadziluma lilime. Ndimadya nzimbe, ndiye ndaphunthwa." Mawuwo ankatuluka molemera, ngati a munthu amene ali ndi mbatata yamoto mkamwa.

Shamsa adasamba m'manja, nkupinda kansalu koyera, nkumuuza kuti akanikize pabalapo osachotsachotsa. Magazi atasiya, adamusungunulira mchere m'madzi ofunda kuti azichukucha mkamwa, ndipo adathamangira kumsewu kukagula kachubu ka madzi oundana koti kaphwetse chotupacho. Masiku otsatirawo adamuphikira phala, namuletsa tsabola ndi usipa wouma. Balalo lidali m'mbali mwa lilime, lakuya ndithu, koma lidayamba kupola.

Nkhani ya nzimbe ija idali yongopeka. Chimene Fakiri ankakumbukira nchakuti adawerama kuti azule udzu mumpunga. Kenako adangozindikira ali chagada m'matope, dzuwa litasuntha, mutu uli ngati mtondo, mkamwa muli magazi, buluku litanyowa. Dzina la matendawo ankalidziwa, poti malume ake adali ndi khunyu, ndipo adakalamba okhaokha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, anthu akuwalambalala. Iye tsono adali munthu wolemekezeka, woima mzere wakutsogolo kumzikiti. Komanso mwana wake Rahila anali atafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Dwangwa, ukwati uli pakhomo. Mumtima ankati, a ku Dwangwa akamva zoti kubanja kuno kuli khunyu, abweza phazi, mwana wanga nkufera za ine. Choncho adameza nkhaniyo pamodzi ndi magaziwo.

Mwezi usanathe zidamugwiranso ali kubafa. Adatuluka akudzandira, nati wadziluma pothawa munga wa chambo.

"Chambo chake chiti, poti lero tadya nyemba?" adafunsa Shamsa motsitsa mawu, akupindanso kansalu. "Bambo a Rahila, mchere ndiye ulipo wambiri m'nyumba muno, koma zimenezi zaposa mchere. Tiyeni kuchipatala."

"Munthu wa imvi ngati ine ndikaime pamzere chifukwa cha lilime? Mukufuna andiseke? Ingondipatsani madziwo."

Shamsa adamupatsa madziwo. Adali mkazi wosakonda kukankha chitseko chimene mwamuna wake watseka, koma kuyambira tsikulo ankati Fakiri akanyamula nkhafi, iye mtima uli m'mwamba mpaka abwere.

M'mawa wina Fakiri adapita kukavuula ukonde ndi Lazaro, mnzake amene ankasodza naye kuyambira ali anyamata. Ali m'bwato pakati pa madzi, adamva kafungo kachilendo ngati ka nsalu yopserera, ndipo nkhafi idamupulumuka m'manja. Zotsatira adachita kuuzidwa. Akuti adauma thupi lonse nkugwera m'madzi chamutu. Lazaro adasiya ukonde, nalumphira momwemo, namugwira pakolala, nkumukokera kubango. Kumtunda adamugoneka chammbali kuti madzi atuluke.

Fakiri atatsegula maso adaona miyendo ya anthu itamuzungulira: asodzi, amayi ogula nsomba, ngakhale a kumzikiti kwake. Chimene adachibisira mkazi wake m'nyumba chidayalidwa padooko, aliyense akuona. Adatsekanso maso, osati chifukwa cha kutopa.

Kuchipatala adagonako masiku angapo, pakuti madzi adali atalowa m'mapapo. Dokotala adamuuza kuti atulutse lilime, nayang'ana zipserazo.

"Bambo, uku sikuyamba. Amene ankasamala mabalawa ankachita bwino, koma ankathira madzi pautsi, moto uli mkati. Khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo, omwa tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amene amawamwa amagwira ntchito zawo bwinobwino. Koma pamadzi musapitepo kaye."

Fakiri adabwerera kumudzi atawonda, ukonde utapita, mpunga mbalame zitadya mbali yaikulu. Asanapezenso mphamvu, kudabwera a Useni, bambo a mnyamata wa ku Dwangwa uja. Fakiri adakhala pamphasa atazolika, akudikira mawu othetsa ukwati.

"Tamva zonse," adatero a Useni atapereka moni. "Mlongo wanga amamwa mankhwala omwewa kuyambira ali mtsikana, ndipo lero ali ndi zidzukulu. Ife tabwera kudzazonda matenda, komanso kudzafunsa ngati tsiku lija tilisunthe pang'ono kuti muyambe mwachira. Mwana sangakwatiwe bambo ake ali gone."

Fakiri adagwira dzanja la mlendoyo ndi manja onse awiri.

Alendo atapita, Shamsa adakhala pafupi naye, maso ali pansi.

"Matendawa sindikuwadandaula, ndi mayeso a Mulungu," adatero. "Chikundipweteka nchakuti ndinkakupukutani magazi ndi manja angawa, inu mukudziwa, koma muli chete. Akanakhala kuti a Lazaro adachedwa, ndikanakuikani m'manda ndisakudziwa chimene chakutengani."

"Ndinkaopa kuti mudzandiona ngati theka la munthu," adayankha Fakiri.

"Ndiye mudasankha kuti ndikhale wamasiye?"

Misozi idatsikira m'ndevu za Fakiri, ndipo sadaibise.

Ukwati wa Rahila udachitika mpunga wotsalawo utakololedwa, ndipo Fakiri adalandira alendo ataima ndi miyendo yake. Masiku ano amasoka maukonde a anzake pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwezi ukatha amakwera minibasi kukatenga mankhwala, osazembera aliyense. Si kuti adali munthu wopusa. Adali bambo wokonda mwana wake, amene mantha adamutseka pakamwa mpaka madzi adatsala pang'ono kumumeza. Iye adachita mwayi, mnzake adamusolola akadapuma. Ambiri mwayi wotero sawupeza, nchifukwa chake akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.