Munthu Amene Sankatsika pa Njinga

Panali bambo wina wa paboma amene anagula njinga, ndipo njingayo inamulowa m'magazi. Loweruka likafika ankalawirira kukayendera njira za kumidzi, zodutsa m'madimba, zolambalala phiri, zowoloka pa maulalo a mitengo. Ankafuna kuzidziwa zonse, ngakhale tinjira ta mbuzi. Chimene ankanyadira nacho kwambiri n'chakuti iye satsika. Pamchenga sankatsika, pachitunda sankatsika. Kudzitama kwake, abale inu, kunali kotopetsa.

Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, anatulukira pa kanjira kachilendo kuseri kwa dambo. Panali patayalidwa masamba aawisi mopingasa. Inu mukudziwa tanthauzo lake: kutsogoloko kuli maliro, wa njinga atsike, avule chipewa, adutse akukankha. Nayenso ankadziwa. Koma anati mumtima mwake, womwalirayo sindimudziwa, komanso mkazi wanga akundidikira kunyumba. Anaponda masambawo ndi matayala, n'kudutsa pakati pa anamalira uku akuliza belu.

Palibe anamukalipira. Nyimbo inangoduka. Mayi wina amene anakhala pakhomo pa nyumba ya siwa, maso ali psuu, anamuyang'ana nati, "Pitani bwino, bambo. Tikupezani."

Analowa njira yobwerera kwawo, ndipo apa anayamba kuona zachilendo. Akabaza amene anakumana nawo anatsika pa njinga zawo n'kuvula zipewa. Amayi ochokera kuchigayo anatula matumba awo, nagwada m'mbali mwa njira, nkhope zili pansi. Anawapatsa moni, sanayankhe. Ana amene ankasewera pabwalo anakokeredwa m'nyumba. Anayesa belu, belulo silinalire. Mantha anamugwira, nangodzilimbitsa mtima kuti akafika kwawo zonsezi zitha.

Anafikadi. Anapeza anthu akutulutsa mipando m'nyumba mwake, amuna atakhala chete pansi pa mtengo wa mango, ndipo mkatimo munkamveka mkazi wake akulira, akutchula dzina lake. Anafinya mabuleki, osagwira. Anati atsike, akamugwire dzanja mkazi wakeyo, amuuze kuti wabwera, koma mapazi anakana kuchoka pa mapedulo. Njinga inadutsa pakhomo pake pang'onopang'ono, n'kukhotera pa kanjira kolowa m'nkhalango ya kumanda, kokhako kamene anali asanayendepo.

Ndiye inu amene mumayenda m'njira za eni, kaya pa njinga kaya wapansi, mverani. Njira iliyonse imadutsa pakhomo pa munthu, ndipo pakhomopo pamagwa zowawa. Mukaona masamba, musayambe kufunsa kuti wamwalira ndani, kapena ngati n'kwanu. Tsikani, mapazi anu akadali kukumverani.