Dzina la Chalunda Limagwira Wothawa

Enelesi, Mwatitha, dzina la Chalunda lagwera amayi anga, ndipo mawa akuwaveka khoza! Ndachita kuthamanga kuchokera kudambo, mpweya sunabwerere. Koma kuti mumvetse bwino ndiyambire kutali. Inu muzingoti tili tonse.

Kalekale, m'mudzi wina wa pakati pa mapiri awiri, munali banja la dambo lalikulu. Banjalo linali ndi dzina limodzi lolowa, Chalunda, ndi khoza limodzi la mnyanga lovala pamkono. Wovala khozalo ndiye ankagawira abale onse madimba. Akamwalira, dzina silinkapita kwa mwana wake ayi. Linkapita kwa mwana wa mlongo wake kapena kwa mbale wake, ndipo osankha anali amayi a m'banjamo. Mwambo wake unali uwu: wosankhidwa athawe, amayi amuthamangitse mpaka amugwire. Dzina sapempha.

Chalunda woyamba anathawa, anagwidwa. Wachiwiri anathawa, anagwidwa. Wachitatu chimodzimodzi.

Ndiye panali Zuze, mwana wa mlongo wa Chalunda wachitatu. Zuze ankalifuna dzinalo. Akamalima, dzina. Akamadya, dzina. Amalume ake atamwalira, maliro atatha, Zuze anasamba, anadzola mafuta, nakhala pakhonde. Amayi atatulukira, iye anaimirira n'kutambasula mkono.

"Ndili pano, amayi. Musavutike n'kuthamanga."

A Nankhoma, mkulu wa amayiwo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Wasambiranji, mwana iwe? Wakuuza ndani kuti tikubwera kwa iwe?"

Anatembenuka onse. Anakagwira Dzoole, mbale wake wa Zuze, amene anali atabisala m'nkhokwe. Dzoole anakhala Chalunda wachinayi, ndipo Zuze anapatsidwa dimba la kumapeto, la mchenga wokhawokha.

Zuze anadikira. Anabzala mpiru, mpiru unauma. Anabzala anyezi, anyezi anakana. Zaka khumi ndi zisanu anadikira, akukukuta mano.

Dzoole atamwalira, Zuze anati, "Ulendo uno aona kuthawa."

Amayi atangotulukira pa mkuyu wa pabwalo la mudzi, Zuze liwiro. Anadutsa m'mabango. Anawoloka mtsinje. Anakwera phiri, nalowa m'phanga. Anakhala tsiku loyamba, kuli zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu njala inamutsitsa. Akufika m'mudzi anamva nthungululu. Khoza linali kale pamkono wa Chikaiko, mbale wake wina.

"Amayi, inetu ndinathawa," anatero Zuze, milomo itauma.

"Unathawadi," anayankha a Nankhoma. "Tinkafunatu iwe. Koma ife ndi maondo athuwa tikanakugwira bwanji, ndi agalu?"

Zuze anabwerera kumchenga kwake. Anadikiranso, mpaka mutu unayera, mpaka ndodo inalowa m'manja, mpaka ana tinayamba kuwatchula agogo a Zuze. Eetu, ndi omwewa, amalume awo a amayi anga. Kalekale wanga wafika lero m'mawa.

A Chikaiko anatisiya chaka chatha, ndipo lero linali tsiku logwira. Agogo a Zuze anali atakonza nzeru yachitatu: kuthawa pang'onopang'ono. Amayi atatulukira, iwo anauyamba wotsimphina. Phazi limodzi, kucheuka. Phazi lina, kutsokomola kuti amveke.

"Tapatukani, a Zuze, mukutchinga njira," anatero mayi wotsogolera.

Anawadutsa ngati chitsa. Amafuna Esinta, mwana wa mlongo wawo, amayi anga, amene amathirira mpiru kudimba osadziwa kanthu. Amayi anga atawaona, anataya ndowa.

"Ine ayi! Mikangano ya madimba ndiithe ine? Pitani kwa malume."

Analowa m'mabango, ndipo sikunali kuthawa kwa mwambo, kunali kuthawa kwenikweni. Amayi aja anasaka, anasaka, anatopa. Wotsogolera anakhala pansi nati, "Dzuwa likafika pamutu tisanamugwire, dzina lichoka m'nyumba mwathu muno. Lipita kwa abale a nyumba ina, zidzukulu za agogo aang'ono, kutsidya kwa mtsinje."

Agogo a Zuze anali pachulu, atatupa ngati finye. Anamva mawuwo. Anayang'ana dzuwa. Anang'ung'udza, analavula, kenaka anatola ndodo. Iwo okha ndiwo ankadziwa potulukira munthu wothawa m'mabangomo, poti anatulukirapo kale. Anakaima pamtengo wogwa wowolokera mtsinje.

Posachedwa amayi anga anatulukira, matope mpaka m'maondo.

"Malume, ndisiyeni ndidutse. Dzinali ndi lanu, aliyense akudziwa."

"Langa liti? Ndinaima, anandikana. Ndinathamanga, anandisiya. Lero ndatsimphina, andidutsa. Iwe wathawa bwino osaphunzira. Khala pansi apo."

"Malume, chonde."

"Ndati khala. Zaka makumi anayi ndalisowera tulo, ndiye likawoloke mtsinje ine ndikuona?"

Anakweza ndodo n'kukuwa, "Ali kuno!"

Amayi aja anawagwira amayi anga dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Ndipo paja mwambo umati wolozera amayi kumene kuli wothawa ndiye amamuveka khoza. Choncho mawa agogo a Zuze aligwira koyamba, kuti aliike pamkono wa wina. Pobwerera amangodandaula njira yonse, amvekere, "Koma dimba lamchenga lija undisinthire, Chalunda iwe."

Nthano yanga yathera pamtengo wogwa, ndaitula pomwepo. Dzina limatsata wolithawa, wolithamangira limamudutsa panjira.

Mawa mubwere m'mamawa, mudzaime pafupi ndi ine pa mkuyu. Mudzaone nkhope ya agogo a Zuze pomanga khozalo.