Leonel Pakati pa Maputo ndi Mocuba

Pakhonde la mayi Bernardina ku Milange, pomwe amapetera nandolo wokagulitsa ku Muloza, mwana wawo Leonel ankangokhala ndwii, foni ili m'manja. Mnyamatayu anali atamaliza digiri ya uinjiniya wa makemikolo, ndipo mwayi unamugwera pawiri nthawi imodzi. Ku Maputo, mphunzitsi wake wakale, Dotora Armanda, anamupezera malo a mesitrado, digiri yachiwiri, yomulipirira zonse. Ku Mocuba, fakitale ina yoyenga mafuta ophikira inkamufuna pa ntchito.

"Sankha chimodzi, mwanawe," anatero mayi ake. "Nandoloyu wandipinda msana kuti iwe ufike apa."

"Mamã, ife asayansi sitigamula tisanayeze."

Ndiye anayezadi mwana wa eni! Anafunsa abambo mfumu a ku parishi, anafunsa amalume ake a ku Majaua, mpaka anyamata a njinga za kabaza pa chipata cha m'malire, ngati kuti iwowo anaionapo mesitrado. Wina akati pita kusukulu, iye ankakumbukira malipiro. Wina akati gwira ntchito, ankadzimva kale akutchedwa Mestre Leonel, mtima n'kuchita dyokodyoko. Mapeto ake anavomera konsekonse, ati asankha bwino mutu ukazizira.

A ku fakitale atamufunsa munthu woti amuchitire umboni, Leonel sanaganize kawiri. Anapereka nambala ya Dotora Armanda, poti ndi dzina lolemera. Apa ndiye kuyeza anakuiwala.

Lachisanu lina m'mawa foni inalira. Anali Senhor Mário, mkulu wa fakitale ija.

"Parabéns, takunyadirani, enjenyero! Titawaimbira Dotora za umboni uja, atiuza kuti mukupita ku mesitrado. Ife sitingatsekereze mwana wa kwathu kuphunzira, ayi. Malo aja tapatsa wina. Mukamaliza mudzatikumbuke."

Leonel anadzitonthoza kuti basi, nkhani yadzigamula yokha, Maputo ndiye Maputo. Asanaike n'komwe foni m'thumba, inaliranso.

"Parabéns, Leonel," anatero Dotora Armanda mokoma mtima. "Ndamva kwa Senhor Mário kuti unavomera ntchito kwawo. Ukanangondiuza wekha, sindikanakwiya. Malo ako ndapatsa Januária, amene wakhala akudikira."

Palibe anamunyoza, palibe anamukalipira. Onse awiri anamufunira zabwino zokhazokha, n'chifukwa chake zinawawa kwambiri.

Mayi Bernardina, amene anali atachapa kale chikwama cha ulendo n'kuchiyanika pa chingwe, anaima kupeta.

"Nanga aimbawo akuti unyamuka liti? Ulowera kuti?"

Leonel anangoyang'ana pansi, misozi ili lengelenge. Mayiwo anamvetsa. Zinawapweteka mpaka m'mafupa, koma sanalire. Anamukankhira lichero lachiwiri.

"Khala pansi, enjenyero. Nandoloyu ndiye safuna kuyeza, angofuna kupeta."

Chikwama chija chinauma, n'kubwerera pansi pa bedi chopanda kanthu. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.