Lole Idabweza Thupi Lokha

Pamsika wa Insaca, tsidya lino la malire a Malawi, aliyense ankamudziwa Osvaldo, wogulitsa matemba a ku nyanja ya Chiuta, chifukwa cha mawu ake amodzimodzi: "Kwathu ku Malawi sitichita choncho." Kwathu kuti? Munthu wobadwira m'mudzi wa pafupi pomwepo! Adathawa nkhondo ali mnyamata n'kukakhala kumisasa ya ku Malawi, ndipo mtendere utabwera lole idamubweza pamodzi ndi anzake. Anzakewo adagwira makasu, nadzutsa mabwinja a makolo awo. Iye mtima udatsalira kutsidya.

Choipa kwambiri, maliro a m'mudzi sankapitako. Uthenga ukafika, ankangoyala matemba ake ngati sadamve.

"Bambo, anthu akutiona," ankatero mkazi wake Alzira akumanga chitenje. "Mawa atiika ndani?"

"Ine pano n'mlendo. Ondiika ali ku Malawi."

Zaka zidapita, imvi zidamera. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Alzira adadwala pang'ono n'kutsikira kulichete. Osvaldo adaimbira foni mnzake wakale wa kutsidya lija kuti akonze manda.

"Pepani achimwene," adayankha mnzakeyo, "koma pamene panali misasa yanu pano ndi minda. Tidatsazikana kalekale. Kodi kwanuko kulibe anthu?"

Anthu adaalipo. Amayi adadzaza nyumba kulira mnzawo. Koma adzukulu, okumba manda, adakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ali pambali. Wamkulu wawo, a Vitorino, amene adaika ana awo awiri Osvaldo ali kumsika, adatola khasu limodzi n'kumupatsa.

"Mlendo sitimkaniza malo. Kakumbeni."

Ha! Nthaka ya chilimwe idauma gwa. Nkhalamba ija idatema, khasu likungonjanja, manja n'kuchita matuza, dzenje osafika ngakhale m'maondo. Uku mtembo sudikira kutentha kotere. Pomaliza idagwada m'fumbi momwemo, misozi ili chuchuchu.

"A Vitorino, ndine mwana wa pano. Amayi anga agona apo, patsinde pa mtondo uwo. Musalange Alzira chifukwa cha ine."

Adzukulu adayang'anana. Kenaka a Vitorino adalowa m'dzenjemo namulanda khasu lija.

"Lole idabweza thupi lokha. Inu mwafika lero."

Alzira adaikidwa dzuwa litapendeka, mwamuna wake ataima pakati pa anthu amene adawakana kwa theka la moyo wake. Adanena akuluakulu: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.