Chigumu cha Padzuwa cha a Nguluwe

Kalekale, kale lomwe nyama zinkabwerekana poto ngati mmene timachitira ifemu, chilimwe china chinabwera ndi ukali. Sendererani kuno, ana inu. Inunso akuluakulu musayambe kuwodzera, nthanoyi ikukukhudzani.

Kunatentha, abale! Mitsinje inauma gwa. Nyenje zinkangolira tsiku lonse, ndipo mchenga unkawotcha mpaka nyerere zinkayenda monyang'ama.

M'mudzi wa nyama munali mabwenzi awiri, Sakhwi ndi Nkhwali. Sakhwi mukumudziwa, kanyama konga mbewa kaja, ka mphuno yosongoka. Awiriwa ankakonda kuphika chigumu, koma poto wachitsulo analipo mmodzi yekha m'mudzi monsemo. Tsono m'chilimwe ndani angafune kukhala pamoto tsiku ndi tsiku? Ankangosinthana. Lero Sakhwi, mawa Nkhwali. Moto pansi, makala pa chivundikiro. Wina akamakupiza moto, mnzake ankamukupiza iyeyo ndi tsamba la nthochi, ndipo chigumu chikapsa ankachidula pakati.

Vuto linali limodzi, a Nguluwe. Fungo likangotuluka, mumangomva, "Odi kuno, alamu!"

Ulamuwo unachokera kuti, palibe ankadziwa. Sanakwatire kwa Sakhwi, sanakwatire kwa Nkhwali. Koma ndani angatsutse chinyama cha mano otuluka panja?

"Musavutike nane, alamu. Ine ndingolawako m'mbali."

M'mbali, m'mbali, m'mbali. Tsono inu mukudziwa kuti chigumu n'chozungulira, m'mbali mwake simutha. A Nguluwe akamapukuta pakamwa, m'poto munkatsala nyenyeswa zokhazokha.

Chaka chimenecho Nkhwali anaikira mazira asanu m'thengo, patsinde pa kachitsamba. Tsoka ilo, mwamuna wake anagwidwa ndi kabawi, ndipo kachitsamba kaja kanayoyoka masamba onse ndi dzuwa. Zaka zina mbalame imakhalira mazira kuti afunde. Chaka chimenecho Nkhwali ankawakhalira kuti asapse. Anatambasula mapiko, dzuwa n'kumamumenya pamsana, osadzukapo ngakhale kukatola kambewu kamodzi.

Sakhwi anamuphikira chigumu. "Odi kuno, alamu!" Chinatha. Anaphikanso mawa lake. "Odi kuno, alamu!" Chinathanso.

Tsiku lachitatu Sakhwi anapita kuchisa ndi kachikho ka madzi okha. Anapeza mnzake maso atalowa m'kati, mlomo uli yasa, akupuma wefuwefu.

"Pepa nzanga, lero ndabweranso chimanjamanja."

"Si mlandu wako," anatero Nkhwali ndi mawu otsika. "Koma ndisakubisire. Mawa ndikapanda kuika kanthu kukamwa, njala indigonjetsa ndipo ndidzuka kukafuna chakudya. Ndikangodzuka, ana angawa apsa. Ndi okhawa amene bambo awo anandisiyira."

Sakhwi anamva chisoni chachikulu. Analira njira yonse yobwerera kwawo, misozi n'kumauma isanafike kuchibwano. Kunyumba anasuzumira m'dengu. Munali kambale kamodzi ka ufa wa mgaiwa, nthochi zitatu zakupsa, ndi kasoda pakapepala. Chigumu chimodzi basi, chomaliza.

Anakhala pansi, nagwira mphuno yake yaitali ija. "Mphuno ya a Nguluwe singabisiridwe kanthu," anatero mumtima. "Chabwino. Poti siibisiridwa, tiyeni tiituma ntchito."

M'mawa mwake anatenga gaga, makoko a nthochi ndi madzi, nakandira m'poto wachitsulo uja, navundikira bwinobwino. Anasenza poto, ulendo wa kwa a Nguluwe.

"Odi kuno, alamu!"

A Nguluwe anadzidzimuka. Chibadwire chawo palibe anawaodirapo atasenza poto.

"Alamu," anatero Sakhwi, "ine zimandiwawa. Munthu wamkulu ngati inu, masiku onse kumangodya m'mbali? Lero chigumu chonse n'chanu, ndi pakati pomwe. Koma ichi n'chachilendo, ndi chigumu cha padzuwa. Sichifuna nkhuni. Thanthwe ndiye moto wapansi, dzuwa ndiye makala apamwamba."

"Ha! Chimakoma?"

"Amene anachilawa sayankhula, amangotseka maso."

Anapita pa thanthwe lalikulu lakunja kwa mudzi, lopanda ngakhale kamtengo kamodzi. Sakhwi anatula poto pakati penipeni.

"Malamulo ake ndi atatu, alamu. Musavundukule, chingaphwe. Chithunzithunzi chanu chisakhudze poto, chifukwa mthunzi ukangogwerapo chigumu chimakhala chachiwisi. Ndipo mukamva fungo, musasunthe, ndiye kuti chayamba kufufuma. Mudikire mpaka fungo lithe."

A Nguluwe anaganiza, naganizanso. Poto ndi mmodzi m'mudzi muno, ndipo ali pamaso panga. Kanthu aka kangandipusitse bwanji? "Pitani alamu, musade nkhawa," anatero, dovu lili chuchuchu.

Dzuwa linakwera. Chithunzithunzi cha a Nguluwe chinayamba kusendera ku poto. A Nguluwe anasuntha. Patapita kanthawi, nacho chasenderanso. Anasunthanso. Zunguli, zunguli, zunguli, ziboda zikuwotcha, thukuta lili kamukamu.

"Choka apa, wadyera iwe!" anakalipira chithunzithunzi chawo. "Ndakudziwa! Ukufuna kulawako m'mbali!"

Mukuseka? Dikirani.

Nthawi imeneyo Sakhwi anali kuseri kwa chulu, mbali imene kunkachokera mphepo. Poto analibe, inde, koma amayi ake anamulera kusanabwere mapoto achitsulo. Anakanya nthochi zitatu zija, nasakaniza ndi mgaiwa, kamchere ndi kasoda. Anawamba masamba a nthochi pamoto kuti afewe, nakulungamo phalalo, namanga ndi luzi. Kenako anafukula phulusa lamoto, naika kamtoloko, nakwirira, makala pamwamba. Panalibe womukupiza tsiku limenelo. Tindevu take tinapsa kunsonga, koma sanachokepo.

Fungo linatuluka. Mphepo inalitenga, ulendo wa kuthanthwe.

A Nguluwe anaimika mphuno. Fwe, fwe, fwe. "Mayo ine! Chayamba kufufuma!" Anayang'ana poto wawo ndi chikondi chonse. Miyendo inkafuna kuthamangira kuchulu monga mwa chizolowezi, koma mutu unati, lamulo lachitatu! Anaima chilili, dzuwa lili paliwombo, akumeza mate ndi kuyamika luso la alamu awo.

Sakhwi anafukula chigumu, nachikutumula phulusa, nathamanga nacho kuchisa. Anapeza Nkhwali mutu uli pansi, mwendo umodzi wayamba kale kudzuka.

"Khala pansi, nzanga! Ndafika."

Anamumwetsa madzi kaye. Kenako ananyema kachidutswa, nakauzira kuti kazizire, namuika kukamwa. Kena. Kenanso. Pang'ono ndi pang'ono maso a Nkhwali anabwerera m'malo mwake.

"Iwe wadyako?" anafunsa Nkhwali.

"Ndadya kunyumba."

"Bodza. Mimba yako ndikuimva kuno. Dula pakati, ngati kale."

Anadula pakati, ngati kale. Anadya akulira, akuseka, Nkhwali akumunena mnzake za ndevu zopserera zija.

Ali m'kati modya anamva kuthanthwe kuti khu! Sakhwi anaima. Akanatha kungokhala, ndani akanamudzudzula? Koma anakumbukira kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo za kupsa ndevu iye anali atazidziwa tsiku lomwelo. Ananyema m'mbali mwa gawo lake, natenga kachikho ka madzi, nathamanga.

Anapeza a Nguluwe ali kwala, lilime panja, chivundikiro chili uko. M'poto munali gaga wowawasa, akuchita thovu.

"Mwandipusitsa, alamu," anatero mwapansipansi.

"Ndakupusitsani ndithu. Imwani madzi."

Anamwa. Sakhwi anawathira otsalawo pamphumi, kenako anawapatsa kachidutswa kaja. "Paja inu mumakonda m'mbali."

A Nguluwe anatafuna, natseka maso. Koma dyera silifa ndi dzuwa la tsiku limodzi. "Nanga pakati pake pali kuti?"

"Dzukani, ndikakuonetseni."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kukachitsamba kouma kaja. A Nguluwe anaona Nkhwali, mbalame yonenepa ija imene ankaidyera chigumu chaka ndi chaka, itatsala mafupa okhaokha, nthenga zapamsana zitachita kufiira ndi dzuwa. Pansi pa phiko panasuzumira dzira limodzi.

"Masiku angati?" anafunsa.

"Anayi," anatero Sakhwi. "Chigumu cha dzana chinali chake. Cha tsiku loyamba lija chinalinso chake."

A Nguluwe anachita manyazi, manyazi enieni, oyamba m'moyo wawo. Anangoima pomwepo, mutu uli pansi. Tsono poti dzuwa linali litapendeka, chithunzithunzi chawo chachikulu chija chinagwera pachisa, n'kumuphimba Nkhwali yense.

"Haaa," anapuma Nkhwali. "Kuzizira bwino kwake."

A Nguluwe analumphira kumbali. "Pepani, alamu! Chinthu ichi n'chopanda mwambo, chimawononga zinthu. Ndakhala ndikulimbana nacho tsiku lonse."

"Bwererani pomwe munaima, chonde," anatero Nkhwali. "Chiyambire chilimwe chino, palibe wandipatsa chinthu chokoma chotere. Kupatula chigumu cha mnzangayu."

A Nguluwe anabwerera, mwakachetechete, ngati akuponda pa mazira. Ndipotu mazirawo analipodi.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likangotuluka mumamva kuthengo kuja, "Odi kuno, alamu!" Ntchito anali ataiphunzira kale pa thanthwe paja, kuzungulira ndi dzuwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankazungulira kuti mthunzi usachoke. Zunguli, zunguli, zunguli. Dzuwa likafika paliwombo ankatangadza miyendo pamwamba pa chisa, chimimba chija n'kukhala denga. Nkhwali ankatha kudzuka, kukatola mbewu, kukamwa madzi, n'kubwerera. Sakhwi ankakhala pambali, akuwakupiza a Nguluwe ndi tsamba la nthochi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunamveka tswa! Kenako tswa, tswa, tswa! Lachisanu linachedwa mpaka onse anasiya kupuma, kenako nalonso tswa. Tianapiye tisanu tinatuluka, tonyowa, tikuphethira. Tinayang'ana kumwamba, osaona thambo, koma chimimba chaubweya.

"Amayi, awa ndani?"

Nkhwali anayang'ana Sakhwi, Sakhwi anayang'ana pansi kubisa kuseka.

"Awa ndi bambo anu aakulu," anatero Nkhwali. "Apatseni moni."

A Nguluwe anati m'maso mwawo mwalowa fumbi. Kunalibe mphepo tsiku limenelo, ine ndikukuuzani. Ulamu uja unali wongopeka kwa zaka zonsezo, koma tsiku limenelo unakhala weniweni.

Kodi dyera analisiya? Aaa, inunso! Mpaka lero fungo likatuluka amafika, ndipo amalawabe m'mbali. Koma amazungulira kamodzi kokha, chifukwa pamakhala timaso khumi tikuwayang'ana.

Tsono inu amene mumafika pakhomo pa anzanu nthawi ya kuphula yokhayokha, ndipo ena ndikukuonani pompano, muzifikako ndi nthawi ya kukoleza moto. Ngati mulibe ufa, mulibe nthochi, mthunzi wokha muli nawo.

Yathera pompa. Thamangani mukafukule chigumu paphulusa, ndipo mukachipeza chapserera, m'mbali mwake musungire alamu.